MASAMBA A M'THENGO NDI MWANA WA MALUNGO

Nkhani yokambidwa pa msonkhano wa aphunzitsi a sukulu za m'midzi



Ndilankhula za masamba amene anthu athu aphika kapena kusinja pamene munthu amva kupweteka m'thupi, kapena pamene thupi lace latentha. Nkhani imeneyi itikhudza ife aphunzitsi koposa anthu ena ambiri. Sukulu zathu zambiri ziri kutali ndi cipatala, ndipo mwana akayamba kunjenjemera m'kalasi dzuwa liri pamutu, woyamba kumuona ndiye mphunzitsi. Ndiponso makolo abwera kwa ife ndi funso lao: "Aphunzitsi, inu mudziwa za m'mabuku, kodi masamba awa aciza, kapena tingodzibvuta cabe?" Ena a ife tiseka ndi kunena kuti zonsezo nzacikale. Ena tibvomera ziri zonse, poopa kukhumudwitsa akulu a pamudzi. Mayankho awiri onsewa angathe kutayitsa moyo wa mwana, ndipo cifukwa cace ndifuna kuti tifune pamodzi yankho loona ndi lothandiza.

Liu limodzi, zinthu ziwiri

Tiyambe ndi cinenero cathu. Liu lakuti malungo ligwira nchito ziwiri. Pena litanthauza kutentha kwa thupi ndi kuphwanya m'mfundo, kumene kudza ndi nthenda zamitundu-mitundu. Pena litanthauza nthenda imodzi yokha, ija ibwera ndi udzudzu. Tsono mai akanena kuti, "Malungo a mwana atha," afuna kunena kuti thupi lazizira. Koma iye mwini ndi onse akumva aganiza kuti nthenda yatha. Pakati pa matanthauzo awiriwa pali dzenje, ndipo nkhani yanga yonse iri yakuti tilione dzenjelo.

Thupi la munthu wamoyo bwino likhala pa madigiri 37, kapena pafupi pamenepo, kaya ndi m'Juni kaya ndi m'Okutobala. Pansi pa ubongo pali kamalo kakang'ono kochedwa hypothalamus, kamene kagwira nchito yonga ya mai wosonkha moto pansi pa mphika: aonjezera nkhuni kapena kucotsako, kuti moto ukhale pa muyeso wace. Tizirombo ta nthenda tikalowa m'thupi, asilikari a m'mwazi atumiza mthenga, ndipo pafupi ndi kamalo kaja papangika mankhwala a m'thupi ochedwa prostaglandin. Amenewa auza wosonkha moto uja kuti madigiri 37 acepa, afikitse pa 39 kapena pa 40. Ndico cifukwa cace wodwala amva kuzizira ndi kukukuta mano cinkana khungu lace liri moto, pakuti thupi lilikuthamangira muyeso watsopano. Muyesowo ukatsikanso, thukuta lituruka, ndipo wodwala ataya copfunda.

Prostaglandin yemweyo apangikanso pa bala, pa dzino lobvunda ndi pa mfundo yotupa, ndipo acititsa mitsempha yakumva kukhala yacangu, kotero kuti ngakhale kukhudza pang'ono kupweteka. Apa tiona cifukwa cace mankhwala amodzi akhoza kucita ziwiri, kuletsa ululu ndi kutsitsa kutentha: angotsekereza kupangika kwa prostaglandin. Koma tizirombo tija sanatikhudze. Kutentha thupi kuli ngati galu wouwa usiku pamene fisi wafika ku khola. Mungathe kumanga galuyo pakamwa, mudzi nukhala cete, koma fisi ali pomwepo.

Msondodzi

Nonse mudziwa msondodzi, mtengo wa masamba aatali oonda umene umera m'mbali mwa mitsinje. Mitengo ya mtundu umenewu iri m'maiko ambiri. M'caka ca 1763 Edward Stone, mbusa wa ku Chipping Norton m'dziko la England, analembera kalata bungwe la anthu anzeru la Royal Society ku London. Iye analawa khungwa la msondodzi wa kwao, napeza kuti liwawa m'kamwa monga khungwa lina lamtengo wapatali locokera ku Peru, limene anthu anali kucizira nthenda yonjenjemeretsa ya m'madambo. Tsono anaumika khungwalo, nalisinja, napatsa ufa wace kwa odwala pafupi-fupi 50, ndipo ambiri matupi ao anazizira.

Anthu anzeru sanaseke mau ace. Anafuna kudziwa cimene ciri m'mtengomo. M'caka ca 1828 Johann Buchner wa ku Munich anapatula mankhwala amene anawachula salicin, amene apezeka m'khungwa ndi m'masamba omwe. Ena anapitiriza nchitoyo, kufikira m'caka ca 1897 pamene Felix Hoffmann, wa ku kampani ya Bayer ku Germany, anapanga mankhwala ofanana nao osapweteka m'mimba kwambiri. Ndipo m'caka ca 1899 anayamba kugulitsidwa ndi dzina lakuti Aspirin. Anthu anamwa mankhwalawo zaka zoposa 70 osadziwa umo agwirira nchito. M'caka ca 1971 John Vane wa ku London anaonetsa kuti aletsa kupangika kwa prostaglandin, ndipo analandira mphotho ya Nobel m'caka ca 1982.

Tsono wina akanena kuti m'mitengo mulibe mankhwala, mumuuze mbiri imeneyi. Komatu muonjezere mbali yace yaciwiri. Khungwa la ku Peru, m'mene munacokera kwinini m'caka ca 1820, lipha tizirombo ta malungo a udzudzu. Msondodzi sutipha. Stone sakadadziwa zimenezi, pakuti tiziromboto tinaoneka koyamba m'mwazi wa munthu m'caka ca 1880, pamene Alphonse Laveran anatiyang'ana ku Algeria, ndipo m'caka ca 1897 Ronald Ross anatipeza m'mimba mwa udzudzu ku India. Mitengo iwiri inali yowawa m'kamwa, yonse inaziziritsa thupi. Umodzi unapha fisi, winawo unangotontholetsa galu.

Tsamba la ku China

Liripo tsamba limene lipha tiziromboto, ndipo mbiri yace iyenera kukambidwa m'sukulu iri yonse. Ku China kumera citsamba cochedwa qinghao, cimene m'mabuku a zomera cilembedwa Artemisia annua. M'caka ca 1967 boma la dzikolo linayamba nchito yofuna mankhwala atsopano a malungo, pakuti akale anali atayamba kulephera. M'caka ca 1969 mai wina wophunzira za mankhwala, dzina lace Tu Youyou, anaikidwa kutsogolera gulu limodzi la anchitowo. Iye ndi anzace anasonkhanitsa njira zakale zocizira zoposa 2,000, nayesa zomera zambiri pa mbewa zodwala malungo. Qinghao anathandiza tsiku lina, nalephera tsiku lina, ndipo palibe anadziwa cifukwa cace.

Pamenepo Tu Youyou anabwerera ku zolemba za sing'anga wakale, Ge Hong, amene anakhala ndi moyo zaka zoposa 1,600 zapitazo. Anaona kuti sing'angayo sanalamule kuphika masambawo; analangiza kuwabviika m'madzi ndi kuwafinya. Tsono maiyo anaganiza kuti kapena moto ndiwo uononga mphamvu yace. Anasintha njira, natulutsa mankhwalawo popanda kutentha kwambiri, ndipo m'caka ca 1971 coyesa cao ca nambala 191 cinapha tizirombo tonse m'mbewa ndi m'anyani. M'caka ca 1972 iye ndi anzace anayamba amwa okha kuti aone ngati mulibe ululu wakupha, asanapatse odwala. Mankhwalawo ndiwo artemisinin, ndipo m'caka ca 2015 Tu Youyou analandira mphotho ya Nobel.

Mbiri imeneyi ifika ndi kwathu kuno. M'caka ca 2002 dziko la Zambia linakhala loyamba mu Africa kusankha Coartem kukhala mankhwala oyamba a malungo m'dziko lonse, popeza chloroquine anali atafooka. M'mbulu uli wonse wa Coartem muli mankhwala awiri: amodzi ocokera ku tsamba lija, amene akantha msanga, ndi ena otsalira m'mwazi kumaliza tizirombo totsala. Mwana akamwa kasanu ndi kamodzi pa masiku atatu, alikumwa nzeru ya sing'anga wakale imene inayesedwa ndi kupimidwa. Apa mwambi wathu ukwanira, kuti mau a akulu akoma akagonera. Koma taonani kuti anakoma m'manja mwa munthu amene anawamva bwino ndi kuwayesa.

Mwina wina afunsa kuti, nanga bwanji osangobzala citsambaco kuseri kwa nyumba ndi kumamwa ngati tiyi? Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la WHO, likaniza zimenezi, ndipo linabwerezanso mau ace m'caka ca 2019. Cifukwa cace ndi ici: mphamvu ya m'masambawo isiyana-siyana monga mwa mbeu, nthaka, nyengo yokolola ndi kasungidwe, kotero kuti kapu ya lero siifanana ndi ya mawa. Muyeso wocepa uziziritsa thupi ndi kupha tizirombo tofooka, koma tolimba titsala ndi kuswana. Tizirombo tosamva msanga artemisinin tapezeka kale ku Rwanda, monga analengeza m'caka ca 2020, ndi ku Uganda m'caka ca 2021. Tikaononga mankhwala amenewa ndi kumwa mosasamala, tidzaononga cuma ca adzukulu athu.

Umo masamba ayesedwera

Ndi bwino kuti mphunzitsi adziwe cimene anthu a m'masukulu akulu acita pamene afuna kuona mphamvu ya tsamba. Athyola masamba, nawaumika pamthunzi, nawasinja, nabviika ufawo m'madzi kapena mu spiriti. Pambuyo pace asefa ndi kuphwetsa madziwo, kuti patsale phala lolimba limene angathe kulipima pa sikelo. Tsono atenga makoswe kapena mbewa zoweta, nazigawa m'magulu. Gulu loyamba lilandira madzi okha. Laciwiri lilandira mankhwala odziwika, monga aspirin. Ena alandira phala la masamba lija, awa pang'ono, awa lambiri.

Pofuna kuyesa za kutentha thupi, abaya makoswe ndi yisiti pansi pa khungu, ndipo pofika m'mawa mwace matupi ao atentha. Pamenepo awapatsa mankhwala ndi kuwapima ora liri lonse. Pofuna kuyesa za ululu, aika mbewa pa citsulo cofunda madigiri 55, nawerenga kamphindi kamene kapita isananyambite phazi lace kapena kudumpha. Mbewa imene yalandira mankhwala oletsa ululu icedwa kudumpha. M'mayeso otere masamba ambiri amene tiwadziwa, monga a nimu, a gwafa ndi a camwamba, cimene ena acichula moringa, aonetsa mphamvu ndithu.

Pali zinthu ziwiri zoti tizigwire pamenepa. Coyamba, khoswe si mwana. Cimene cithandiza khoswe ciyenera kuyesedwanso pa anthu ambiri, mwa dongosolo, kuti muyeso wace ndi zoopsa zace zidziwike. Ndipo masamba ocuruka sanafike pa mayeso amenewo. Caciwiri, taganizani za gulu lija lilandira madzi okha. Licitiranji? Liripo cifukwa nthenda zambiri, monga cimfine, zitha zokha patapita masiku owerengeka. Munthu akamwa masamba tsiku laciwiri nacira tsiku lacinai, athokoza masambawo, cinkana akadacira wosamwa kanthu. Popanda gulu la madzi okha palibe angadziwe zoona. Phunziro limeneli ana a m'makalasi apamwamba akhoza kulimva, ndipo lidzawathandiza moyo wao wonse, pamene adzakomana ndi anthu ogulitsa mabotolo pa msika.

Zoopsa zitatu

Coopsa coyamba ndico muyeso. Anthu ena ati ca m'thengo sicingapweteke munthu, koma mau amenewa ali onama. Tsamba lokhala ndi mphamvu yakuciza liri nayonso mphamvu yakupha. Ku America kuli kacitsamba kochedwa wintergreen, kamene masamba ace atulutsa mafuta a mtundu umodzi ndi aspirin, ndipo mafutawo aikidwa m'mankhwala ambiri otikitira minofu. Supuni yaing'ono imodzi ya mafuta amenewa ilingana ndi mibulu ya aspirin yoposa 20, ndipo ikhoza kupha mwana akaimeza. Mafuta a bulugamu ndi mafuta a njere za nimu nawonso adwalitsa ana aang'ono koopsa akawamwa. Mphika wa agogo ulibe sikelo: dzanja la munthu wina ndi lalikuru, la wina laling'ono, ndipo madzi akaphwera pamoto mankhwala alimba kawiri kapena katatu.

Coopsa caciwiri ndico ululu wobisika, umene suoneka tsiku lomwelo. M'zaka za m'ma 1950 madotolo a ku Jamaica anaona ana ambiri otupa mimba ndi oonongeka ciwindi. Pofufuza anapeza kuti gwero lace linali tiyi wa m'thengo wa zitsamba za mitundu ya Crotalaria ndi Senecio, amene amai anali kupatsa ana ao mwa cikondi pofuna kuwaciza. Palibe mai anaganizira tiyiyo, pakuti ciwindi cionongeka pang'ono-pang'ono. Cifukwa cace makanda ndi amai apakati asapatsidwe masamba osadziwika bwino.

Coopsa cacitatu, cimene ciposa zonse, ndico kucedwa. Malungo a udzudzu a kuno kwathu akhoza kufika poopsa m'kati mwa tsiku limodzi. Mwana amwa masamba Lolemba, naturuka thukuta, nadya phala, onse akondwa. Laciwiri thupi litenthanso, ndipo aphikanso mphika wina. Lacitatu usiku mwana akomoka, ndipo pamenepo bambo ayamba kufuna njinga. Masamba aja sanali oipa. Anagwira nchito yao yoziziritsa thupi. Cimene cinaipa ndi masiku awiri amene anatayika. Ndipo kumbukirani kuti thupi litentha ndi nthenda zinanso, monga cibayo, cikuku, typhoid ndi nthenda youmitsa khosi. Iri yonse iri ndi mankhwala ace kapena cisamaliro cace, ndipo dzanja loika pamphumi silingathe kuzisiyanitsa.

Nchito ya mphunzitsi

Tsono ticitenji ife? Ndichula zinthu zisanu.

Coyamba, mwana ali yense wotentha thupi apite kukapimitsa mwazi tsiku lomwelo, kapena lisanathe tsiku limodzi. Kuyambira m'caka ca 2010 bungwe la WHO lilangiza kuti munthu apimidwe asanalandire mankhwala a malungo, ndipo kacipangizo kopimira ndi dontho la mwazi wa pacala kapereka yankho pa mphindi 15 kapena 20. Dziwani munthu wa zaumoyo amene ali pafupi ndi sukulu yanu, ndipo dziwani njira yomufikira msanga.

Caciwiri, phunzitsani ana zizindikiro zoopsa kufikira atazidziwa pamtima monga adziwa masamu a kucurukitsa: kukomoka kapena kugwedezeka, kulephera kumwa kapena kuyamwa, kusanza ziri zonse, kugona kosadzuka bwino, kuuma khosi, ndi kupuma mofulumira kapena mobanika. Mwana wa sukulu ndiye mlezi wa mng'ono wace pamene amai ali kumunda, ndipo kawiri-kawiri iye ndiye ayamba kuona.

Cacitatu, poyembekeza ulendo, mpatseni wodwala madzi akumwa pafupi-pafupi, ndipo mcotsereni zobvala zolemera. Mwana wotentha thupi asapfunditsidwe bulangete pa mphika wa nthunzi, pakuti thupi liyamba kutentha koposa, ndipo madzi owira akatayika apsereza. Paracetamol aperekedwe pa muyeso umene a cipatala anena monga mwa msinkhu wa mwana. Aspirin, cinkana tamtama lero, asapatsidwe kwa ana osafika zaka 16, cifukwa ca nthenda yoopsa ya ubongo ndi ciwindi imene Douglas Reye wa ku Sydney anaifotokoza m'caka ca 1963.

Cacinai, limbikitsani makolo kuti anene zoona ku cipatala. Ambiri abisa kuti mwana wamwa masamba, poopa kudzudzulidwa. Auzeni kuti atenge kanthambi ka citsambaco m'manja ndi kukaonetsa kwa namwino, ndi kunena kuti mwana wamwa kangati ndi liti. Ndipo akalandira mankhwala a malungo amalize onse, ngakhale mwana ayambe kusewera tsiku laciwiri.

Cacisanu, lemekezani nzeru ya akulu ndi kuisunga. Pa phunziro la zacilengedwe tumani ana kwa agogo ao kukafunsa maina a zitsamba, kumene zimera, mbali imene igwira nchito, kakonzedwe kace, ndi nthenda imene anthu ati iciza. Masambawo aumikidwe pakati pa mapepala ndi kumatidwa m'buku la sukulu, dzina lace pansi. Lamulo likhale lakuti palibe kulawa. Buku lotere lidzasunga maina amene alikutayika pamodzi ndi nkhalango zathu, ndipo agogo amene aona kuti sukulu iwafunsa nzeru adzamvanso mau a sukulu pa tsiku limene mdzukulu wao adwala. Safunsa anadya phula. Mwambi umenewu unena kwa ophunzira ndi kwa osaphunzira omwe.

Tsono kholo likadzabwera ndi funso lija, tingathe kuyankha mwaulemu motere: "Inde bambo, inde mai, m'masamba muli mankhwala, ndipo mankhwala ena a ku cipatala anacokera m'menemo. Ena a masamba athu acepetsa kupweteka ndi kuziziritsa thupi. Koma thupi kuzizira si nthenda kutha. Tiyeni timtengere mwana akapimidwe lero, dzuwa lisanalowe."